Manifold ya M50 pa BMW 328i: momwe ntchito ikuyendera kuno ku Mzuzu

Kumayambiriro kwa Juni

Galimoto yake ndi BMW E36 328i ya 1997, ya magiya asanu a pamanja, mtundu uja anzathu a ku Joni amautcha Dolphin. Inapangidwira ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, ndipo chiwongolero chili kumanja. Injini ndi M52B28, masilinda 6 pa mzere umodzi, 2793 cc. M'buku analemba kuti imatulutsa 193 hp pa 5300 rpm, ndi torque (mphamvu yokokera) ya 280 Nm pa 3950 rpm. Ntchito imene ndayamba ndi yochotsa manifold ya mpweya imene inabwera ndi injiniyi n'kuikapo ya injini yakale, M50B25, ya mu 325i.

Kwa inu amene simunaweramirepo m'boneti ya galimoto imeneyi, manifold ndi chipulasitiki chakuda chimene chili mbali ya pasenjala. Mpweya ukachoka ku fyuluta umadutsa pa MAF, sensa imene imayeza kuchuluka kwake, kenako pa throttle body, chitseko cha mpweya chimene chimatseguka ukaponda mafuta, ndiyeno umalowa m'chimimba cha manifold. Kuchokera m'menemo muli mipita 6, silinda iliyonse ndi mpita wake.

Nanga bwanji kuika chinthu chakale pa injini yatsopano? Taonani manambala. 325i inali ndi 2494 cc ndipo inkatulutsa 192 hp pa 5900 rpm. Popanga 328i anawonjezera pafupifupi 300 cc, koma mphamvu inangokwera ndi 1 hp basi. Chimene chinakwera kwambiri ndi torque, kuchoka pa 245 kufika pa 280 Nm. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi manifold yomweyi. Mipita ya pa M52 ndi yopapatiza, pamene ya pa M50B25 ndi yotakasuka, moti ukalowetsa zala m'bowo kusiyana kwake umakumva usanagwire n'komwe choyezera. Mabowo omangira ku hedi amagwirizana ndendende, n'chifukwa chake eni a 328i m'maiko ambiri akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri.

Yangayi wandigulira mlamu wanga kumalo ophwasulirako galimoto ku Johannesburg, ndipo yabwera pa basi pamodzi ndi magasiketi ake atsopano, marabala a ma injector (timipope topopera petulo m'injini) ndi CCV yatsopano, valavu yoyamwa nthunzi ya oyilo m'injini. Mukamaitanitsa, onetsetsani kuti ikuchokera mu 325i kapena 525i ya E34 yokhala ndi injini ya M50B25. Ya mu 320i kunjaku imaoneka chimodzimodzi koma mipita yake ndi yaing'ono, ndipo ogulitsa ena sasiyanitsa, kaya mwadala kaya ayi. Mlamuyo ndinamuuza kuti aione akuimasula pa galimoto, ajambulenso mabowo ake ataikapo rula. Ndaitsuka ndi parafini, ndaiunika ndi tochi mbali zonse, ilibe mng'alu.

Pakati pa Juni

Sindinamasule kanthu. Ntchito ya sabata ino yakhala ya pakamwa.

Madala amene amandithandiza ku Luwinga anayamba kukonza galimoto nthawi ya ma Peugeot 504 ndi ma Datsun 120Y. Ataitembenuza manifold ija uku ndi uku anandifunsa kuti, “Bwana, inu mumakhala ku Katoto, ntchito mumagwira m'tauni momwemu. 5000 rpm muziipeza kuti? Pa Clock Tower?” Anyamata a pagalaja anaseka. Ine ndinati, “Madala, M1 ilipo.” Iwo anangoti, “Ilipodi, pamodzi ndi mayenje ake ndi atrafiki ake.”

Funso lawo lili ndi mutu, ndipo ndi bwino ndilembe chifukwa chake ndisanagwire sipanala, kuti pambuyo pake ndisadzadzinamize. Manifold simapanga mphamvu. Imangosankha kuti injini izipuma bwino pa rev iti. Mpweya wodutsa mu mpita wopapatiza umathamanga kwambiri, ngati madzi a m'paipi yothirira dimba ukaitsina kumapeto. Injini ikamazungulira pang'onopang'ono liwiro limenelo ndi laphindu, chifukwa mpweya umapitiriza kukankhana kulowa mu silinda mpaka valavu itatsekeka, silinda n'kudzaza bwino. Ndiye torque ija imakukoka pamtunda osasintha giya. Koma rev ikakwera, injini imafuna mpweya wochuluka m'kanthawi kochepa, ndipo mpita wopapatiza uja umasanduka chotchinga. N'chifukwa chake 328i ikadutsa 5300 rpm imayamba kutha mpweya, singano ikukwerabe koma galimoto osakankhanso msana. Mpita wotakasuka umachita zosemphana. Pansi mpweya umayenda mwaulesi, pamwamba umalowa wochuluka. Ndiye kuti ndikugulitsa mphamvu ya pansi kuti ndigule ya pamwamba.

Opanga galimoto vuto limeneli anali kulidziwa. Toyota anaika T-VIS pa 4A-GE, timavalavu totseka theka la mipita rev ikakhala pansi. A BMW nawo pa M52TU ya mu E46, kuyambira 1998, anaika valavu ya DISA imene imasintha njira ya mpweya m'kati mwa manifold malinga ndi rev. Injini yanga inabadwa zimenezo zisanafike, ndiye ndiyenera kusankha mbali imodzi.

Palinso nkhani ya Mzuzu weniweniyu. Tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1250 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Kumeneko mpweya umapanikiza pa 101 kPa, kuno ndi cha m'ma 87 kPa. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu pa mamita 100 alionse amene wakwera, ndiye 193 hp ya m'buku ija kuno ndi 170 kapena cha pamenepo, injiniyo itakhala yatsopano, pamene yangayi yadya makilomita ake. MAF imayeza kulemera kwa mpweya, choncho kompyuta ya injini, Siemens MS41, imachepetsa petulo payokha ndipo galimoto siyenda molakwika. Imangokhala yofookerapo. Torque imene ndikufuna kugulitsayo ndi yoperewera kale.

Ndapitirizabe. Manifold yakale ndiisunga, ikadzandivuta ndidzabwezera.

Loweruka lomaliza la Juni

Kumasula. Kunja kukuwaza kamvula ka m'nyengo yozizira, zala zikuchita kuuma pa sipanala.

Choyamba ndi batire, imene pa galimoto iyi ili kubuti. Musalumphe zimenezi. Sitata ili pansi penipeni pa manifold, ndipo chingwe chake chachikulu chimakhala ndi moto nthawi zonse. Sipanala ikangogunda pamenepo pali petulo pafupi, nkhani yake ndi ina. Batire tisanachotse tinazula fyuzi ya pampu ya petulo n'kuliza injini mpaka inazima yokha, kuti paipi ya ma injector, imene imasunga 3.5 bar, iphwe.

Bokosi la fyuluta, MAF, paipi yarabala yopita ku throttle body, throttle body yeniyeniyo ndi timapaipi take ta madzi, paipi ya ma injector, zonsezi zinachoka mosavuta. Waya aliyense ndi kapaipi kalikonse ndinamatapo tepi n'kulembapo dzina, ndikujambulanso pa foni. Madala aja amandiseka kuti ndine kalaliki, koma pansi pa manifold ya M52 pali mapulagi ofanana maonekedwe, ndipo sindikufuna kudzalota usiku kuti iyi inali ya pati. Manati omangira ku hedi ndi 7, a soketi ya 11. Yakumbuyo kwenikweni, kufupi ndi khoma la injini, imafuna dzanja la mwana wa sukulu. Pansi palinso mabulaketi ochirikiza, ndipo ndi amene anatidyera nthawi chifukwa umamasula osaona, kumangopapasa.

Mwayi umodzi tili nawo ife a chiwongolero chakumanja. Mavidiyo ambiri a pa YouTube ndi a ku America ndi ku Germany, kumene chimphika cha mabuleki chimakhala mbali yomweyo ya manifold n'kumapanikiza malo. Kwathu kuno chili mbali ya ekizozi, ndiye mpata ulipo. Kungoti paipi ya vacuum ya mabuleki imachita kuzungulira kumbuyo kwa injini, ndipo miyeso ya mapaipi ya m'mavidiyo aja situgwira ntchito pa galimoto zathu.

Itangochoka manifold, mabowo onse a hedi tinatseka ndi nsanza zoyera. Nati ikagwera m'menemo ndiye kuti hedi ichoke.

Zimene tinapeza pansipo ndi zosakondweretsa. Paipi yochokera ku CCV kupita ku chubu cha dipstick inali itafewa, yodzaza phala la oyilo. Kapaipi kena ka vacuum kanathetheka nditangokagwira. Gasiketi ya nyumba ya fyuluta ya oyilo ikuchucha. Popeza malo ali poyera tisinthiratu gasiketiyo, tionenso ma knock sensor awiri ndi mawaya a sitata, chifukwa zonsezi manifold ikabwerera sizifikirika.

Julayi, sabata yoyamba ndi yachiwiri

Apa ndiye pali ntchito yeniyeni. Kumanga manifold ku hedi ndi nkhani ya mphindi zochepa. Chovuta n'chakuti pansi pa manifold ya M52 a BMW anapachikapo zinthu zambiri, CCV, valavu ya idle (yopereka mpweya injini ikamalira galimoto ili chiimire), sensa ya kutentha kwa mpweya ndi timilomo ta vacuum, pamene ya M50 ili ndi bowo limodzi lalikulu pansi ndi timilomo tochepa. Kunja amagulitsa kiti yokonzeratu, koma ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu tinaganiza zopanga tokha.

Throttle body ndi imene inayamba kutizunguza. Pa M52 ndi pa M50 kangalande kokhalamo rabala sikali mbali imodzi.  Ukaphatikiza throttle body ya M52 ndi manifold ya M50, nkhope zake ziwiri sizitsekana bwino. Ena amangopaka silikoni wambiri. Ine ndinakana, chifukwa malo amenewa ali kuseri kwa MAF, ndipo mpweya uliwonse wolowera pamenepo kompyuta siudziwa. Mnyamata wina wa makina osulira zitsulo ku Luwinga komweko watidulira kambale ka aluminiyamu kokhala pakati, ndipo mbali zonse ziwiri taika gasiketi yapepala lolimba, yodula ndi manja. Anatenga masiku angapo chifukwa magetsi ankangozima masana, koma ntchito yake ndi yaukhondo.

Paipi ya ma injector nayo mabowo ake sakumana ndi a manifold yatsopano. Tapinda timabulaketi tachitsulo toti tigwire paipiyo molimba. Apa sipofunika kuchita za bola zagwira. Injector ikapendekeka pang'ono rabala wake amadontha, ndipo ndi petulo wa 3.5 bar pamwamba pa sitata. Marabala onse ndi atsopano, tinawapaka kaoyilo pang'ono powalowetsa. Ndasinthanso mapaipi awiri a petulo. Petulo wa m'dziko muno amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo rabala wamba ethanol amamuumitsa. Ku Hardware Market ndinachita kufunsa m'mashopu angapo kuti ndipeze paipi yolembedwa kuti ndi ya fuel injection, osati ija amadulira aliyense pa mpukutu umodzi, kaya ndi ya madzi kaya ya mafuta.

CCV ndi imene tinakanganirana kwambiri. Ntchito yake ndi kuyamwa nthunzi ya m'kati mwa injini, kulekanitsa oyilo kuti abwerere pansi kudzera ku dipstick, mpweya wotsalawo n'kupita ku manifold kukapsa. Madala ankafuna tiichotseretu, tingolozetsa paipi pansi ngati ma Datsun akale. Ndinawapempha kuti ayi. Injini iyi anaipanga kuti m'kati mwake muzikhala vacuum pang'ono, ndipo ukaichotsa masilo amayamba kutuluka thukuta la oyilo. Komanso ndi fumbi la m'misewu ya ku Mchengautuba ndi ku Zolozolo nthawi ya chilimwe, paipi yotseguka yolowera m'injini sindiifuna. Ndiye CCV yatsopano taipangira bulaketi yake pansi pa manifold, itaima chilili kuti oyilo azitsika yekha. Bowo lalikulu lija taligawa ndi cholumikizira chamkuwa, nthambi ina ya valavu ya idle, ina ya CCV. Paipi ya mabuleki tinaipatsa mlomo wakewake, yosagawana ndi china chilichonse, valavu yake yoletsa mpweya kubwerera ili pomwepo.

Sensa ya kutentha kwa mpweya ya M52 ndi yongokanikiza, pamene bowo la pa M50 ndi la mazinga. Taiboolera malo pa paipi yarabala, throttle body isanafike, n'kumata bwinobwino.

Manati a ku hedi tamanga pa 15 Nm, kuyambira pakati kupita kunja. Ndi pulasitiki iyi. Mnyamata wina wa pagalaja anabwera ndi chisipanala chachitali, madala anamulanda asanayambe.

Pakati pa Julayi

Yalira. Tinayamba tayatsa kiyi kangapo osaliza kuti pampu idzaze paipi, n'kumaunika ndi tochi pa injector iliyonse. Pouma. Italira, rev inkakwera n'kutsika yokha galimoto ili chiimire, nthawi zina kufuna kuzima. Chizindikiro cha mpweya wolowa mozemba.

Anthu ambiri amafufuza popopera mankhwala otsukira kabureta injini ikulira. Zimagwira, koma ndi moto umenewo. Ife tinatenga chitini cha penti chokhala ndi chivindikiro, tinaboola mabowo awiri, m'kati tinayatsamo koyilo ya udzudzu. Bowo lina pampu ya njinga, lina paipi yopita ku injini. MAF tinaichotsa kaye kuti utsi usaidetse, pakamwa pa paipi tinatseka ndi pulasitiki. Mnyamata akupopa pang'onopang'ono, utsi unatulukira pansi pa paipi yaikulu yarabala ija, m'makwinya mwake, pa nthambi yopita ku valavu ya idle. Mng'alu wake suoneka paipi ili pamalo pake, umayasama ukaipinda. Zonse zimene tinapanga tokha sizinatulutse utsi, ndipo madala anayenda monyadira tsiku lonse.

Paipi ina tinaipeza kwa munthu wina ku Chibavi amene ali ndi 323i yongokhala pamiyala. Titaika, tinalumikiza laputopu pa pulagi yozungulira ya mapini 20 ya m'boneti, tinafufuta zolakwa zakale ndi zimene kompyuta inazolowera pa manifold yakale. Tsopano idle yakhazikika, singano sikugwedezeka. Ndikatsegula chotsekera oyilo injini ikulira, chikuyamwa pang'ono chabe, momwe ziyenera kukhalira.

Ndilembe pano kuti ndisadzaiwale: kusalala kumeneku si kwa manifold ya M50 ayi. Ndi kwa mapaipi atsopano ndi CCV. Galimoto iyi yakhala ikuyamwa mpweya wakuba kwa nthawi yaitali.

Kumapeto kwa Julayi

Ndayenda nayo mokwanira tsopano kuti ndinene zoona.

M'tauni yafooka. Si kwambiri, munthu wongokwera sangadziwe, koma mwini wake ndikudziwa. Timitunda timene ndinkakwera pa giya yachinayi phazi lili phee, tsopano tikufuna yachitatu. Ukachoka pa hampu pa giya yachiwiri rev ili pansi, pali kamphindi kamene imaganiza kaye. Pakati pa 2000 ndi 3500 rpm ndi pamene pachoka kanthu, ndipo moyo wa m'tauni wonse uli pomwepo, kumbuyo kwa ma Sienta ndi akabaza.

Pamwamba ndiye ndi galimoto ina. Ikafika cha m'ma 4500 imayamba kukoka mwaukali, ndipo pamene kale inkatha mpweya tsopano ikungopitirira mpaka pa 6500 pomwe kompyuta imadula. Kulira kwakenso kwasintha, kwakhala kokhuthala. Dyno, makina oyezera mphamvu ya injini, ndilibe, ndiye sindilemba nambala ya mphamvu, koma msana ukumva.

Ndinakhala pansi ndi pensulo kuti ndione mphamvu yatsopanoyi ili pa liwiro lanji. Difu (magiya a pakati pa matayala akumbuyo) ya 328i ya magiya a pamanja ndi 2.93. Giya yachiwiri ndi 2.49, yachitatu 1.66, yachisanu 1.00. Ndi matayala amene ndili nawo, 100 km/h pa giya yachisanu ndi pafupifupi 2500 rpm, m'kati mwenimweni mwa dera limene lafooka. 4500 rpm pa giya yachitatu ndi cha m'ma 108 km/h, ndipo 6500 ndi kupitirira 150. Pa giya yachiwiri, 4500 mpaka 6500 ndi kuchoka pa 72 kufika cha m'ma 104 km/h. Ndiye kuti pa msewu wa anthu onse, wokhala ndi njinga, mbuzi ndi ana a sukulu m'mbali, zonse ndavutikirazi zimapezeka pa giya imodzi yokha. Phindu lake lenileni ndi popitirira thiraki. Pa M1 popita ku Ekwendeni ndinapeza thanki ya mafuta ikukwawa, ndinatsitsa giya, ndipo ndinabwerera kumanzere msanga kuposa kale, osafunika kusintha giya ndili pakati pa kupitirira. Chimenecho ndachikonda.

Ulendo wa ku Nkhata Bay pa M5 unandiseketsa ndekha. Ndi makilomita osakwana 50, koma umatsika mamita oposa 700. Kufika kunyanja galimoto inali yamphamvu paliponse, pansi ndi pamwamba pomwe, chifukwa mpweya wa kumeneko ndi wolemera ndi 7 kapena 8 peresenti. Zimene phiri limatilanda tsiku ndi tsiku sizikusiyana kwenikweni ndi zimene manifold yabweza, ndipo kunyanjako zimabwera ulere. Pobwerera, m'makhotakhota okwera aja, ndinayendera giya yachitatu malo ambiri amene kale inali ntchito ya yachinayi.

Nditawafotokozera madala anangoti, “Paja ndinanena, bwana.” Kenako anapempha kiyi. Anabwerako akumwetulira, koma mawu awo sanabweze.

Ogasiti

Petulo ikumwa mochulukirapo m'tauni, ndipo mbali ina ndi phazi langa, chifukwa ndikuchedwa kusintha magiya. Pa ulendo wautali sindikuona kusiyana. Ndi mmene mafuta amasowera nthawi zina, mizere n'kufika kutali, nkhani imeneyi kunyumba yafunsidwa kale kawiri konse ndi amayi a ana.

Tayang'ananso pansi pa manifold injini itazizira. Makilampu awiri anafuna kumangitsa pang'ono, rabala watsopano amakhazikika akamva kutentha. Palibe fungo la petulo, palibe oyilo pa bulaketi ya CCV, mapulagi a moto akupsa mofanana onse 6.

Zatsala ziwiri. Pulogalamu ya mu MS41 idakali ya manifold yakale, ndipo amene amadziwa kuisintha amabwezako mbali ina ya torque ya pakati posintha nthawi ya moto ndi pomwe VANOS, makina osintha nthawi yotsegukira mavalavu, imayambira kugwira ntchito. Zimenezo zidikire munthu amene ndingamukhulupirire, chifukwa kompyuta ikafa galimoto yaima. Chachiwiri ndi difu. Ya 325i ndi 3.15, ndipo imakwana pamalo pomwepo. Ingakweze rev ndi 7 peresenti pa giya iliyonse, 100 km/h n'kukhala cha m'ma 2700 rpm, ndipo kufooka kwa m'tauni kungachepe. Mlamu uja akuti galimoto imene anachotsamo manifold difu yake ikadalipo, koma a basi akufuna aione kaye kulemera kwake asanatchule mtengo.